Nsapato Yakumanzere

Lovemore anali kalikiliki kutsendera nyuzipepala m'nsapato pamene njinga yamoto inaima pakhomo. Nsapatozo anali atagulira mwana wake Tiyamike pa kaunjika wa pa Nathenje, zazikulu dala kuti azikula nazo. Loweruka likudzalo awiriwo anali pa ulendo wa ku mapiri a Chongoni.

Mwini ulendowo anali Anna, mkazi wake. Iye anapitako ali pasukulu, ndipo sankatopa kusimba za mapanga ojambulidwa ndi makolo, malo amene ankapempherapo mvula, ndi anyani opanda manyazi olanda kamba m'manja. Koma Lovemore anali katswiri wa mawa. Chaka china anati mvula, china anati akuchonga mayeso. Kenaka anabwera matenda, ndipo matenda sadziwa mawa. Anna anamuika m'manda chimanga chikumasula.

Wotsika panjingayo anali Tikondane, mchimwene wake wa malemuyo, wochokera ku Mitundu. Atapatsana moni, mlendoyo anayamba kupotokola chipewa.

"Alamu, kumudzi takhala pansi. Mwana wasowa mayi, ndiye apite akakule ndi azakhali ake ndi abale ake."

"Wasowa mayi, inde. Kodi wasowanso bambo?"

"Musatero, alamu. Inu mwatigwirira ntchito, sitikukana. Koma mwanayu munachita kumupeza. Mawa lino mukwatira, nanga iye adzakhala wa yani? Chibale ndi fupa, sichiola."

"Nanga mwambi uja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, munausiya kuti?"

Tikondane sanali munthu woipa, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka kwambiri Lovemore, chifukwa analibe woti amukwiyire. Mwana anamupeza asanadziwe n'komwe kumanga mpango, namuphunzitsa kuwerenga, namugoneka pamiyendo malungo atavuta. Lero ankauzidwa kuti zonsezo zinali zobwereka.

"Ndipatseni Loweruka lokha," anachonderera. "Ndinalonjeza mayi ake."

"Njingayi ndi ya eni, ndipo Lolemba akumudikira kusukulu ya kwathu. Mapiri sathawa, alamu."

Mawu omalizawo anali a Lovemore yemwe. Anna anawamva kangati m'nyumba imeneyi?

Tiyamike anali atamva zonse ali kuseri kwa chitseko. Sanalire. Analongedza zovala zake m'chikwama, natulutsanso botolo la madzi ndi mtedza umene anakazinga wa paulendo, n'kuziika bwinobwino patebulo. Lovemore anamutambasulira nsapato zija.

"Tenga, mayi. Kumeneko kulinso phiri la Bunda, amalume ako adzakukweza."

Mtsikanayo anazilandira ndi manja awiri. Anaziyang'ana kanthawi, kenaka anaika yakumanja m'chikwama, yakumanzere n'kumubwezera Lovemore.

"Iwe, nsapato imodzi ukavala bwanji?" anafunsa Tikondane akuyesa kuseka. "Ukufuna anthu a ku Mitundu aziti tatenga wamisala?"

"Sindikavala, amalume. Izi ndi za ku Chongoni." Anatembenukira kwa Lovemore. "Ababa, inu mumakonda kunena kuti mawa. Mukachedwa zindithina."

Tikondane anatsokomola, nakaliza njinga.

Fumbi litatha, Lovemore anakhala pakhonde nsapato ili pamiyendo. Pamaliro a Anna analimba mtima chifukwa cha mwanayo, koma tsopano panalibenso womulimbira, ndipo analira ngati kamwana. Misozi itaphwa, anapisa dzanja m'nsapatomo nasolola nyuzipepala ija. Anayeza ndi zala mpata umene phazi la Tiyamike linali lisanafike. Zinalowa zala ziwiri zokha.

Anatenga foni nalembera mlamu wake kuti sukulu ikangotsekera adzafika ku Mitundu, mvula kaya dzuwa. Nsapatoyo anaiika pamwamba pa wailesi, poti aziiona akangodzuka.