Zipsera Zinayi pa Kafupa ka Ntchafu

Kunyumba ina yosungiramo zinthu zakale kunali chipinda chapansi chimene alendo sankachidziwa. Unkatsika masitepe, kudutsa pamene ankaunjika mipando yothyoka, kenako n'kupeza chitseko chachitsulo chosatsekeka bwino. Mkatimo munali thebulo lalitali, nyale ziwiri zopindika khosi, galasi lokulitsa zinthu, ndi mayi wina amene aliyense ankangomutchula kuti Nasingano. Dzinalo analipata chifukwa cha ntchito yake yochotsa mwala pa mafupa a madainoso, zinyama zija zinatha kalekale anthu kulibe. Ankagwiritsa ntchito singano yeniyeni yoikidwa kampini. Zaka makumi awiri ndi zitatu akukokota mwala kamchenga kamodzikamodzi, ndipo m'zaka zonsezo sanakandepo fupa ngakhale limodzi. Digiri analibe, banja analibe. Chimene anali nacho ndi mbiri ya manja akeyo, ndipo ankainyadira mopanda manyazi.

Kumwamba, kumene kunali mawindo ndi kapeti, kunkakhala mlongo wake wamng'ono, Dokotala wa za mafupa akale. Anamulera ndi Nasingano yemweyo mayi awo atamwalira. Ndiye ankamuchapira yunifolomu, ndiye ankamupukuta mamina, ndipo fupa loyamba limene munthuyo analigwira m'moyo wake analigwirira pathebulo lomweli. Pagulu Nasingano ankamutchula kuti a Dokotala. Akakhala awiri ankangoti iwe.

Fupa silisanduka mwala mwachisawawa. Nyama imayenera kufera pabwino, ngati pali pabwino pofera: m'mbali mwa mtsinje, pamene madzi osefukira angaikwirire ndi matope msangamsanga, zodya mitembo zisanaikhadzule. Matopewo amauma n'kukhala mwala, madzi apansi amalowa m'fupa pang'onopang'ono n'kulilimbitsa, basi chinthucho chimagona pamenepo zaka zosawerengeka kudikira munthu wa fosholo. Wa fosholo ulendo uno anali Dokotala. M'chigwembe china chakutali anapeza dainoso wodya nyama, woyenda ndi miyendo iwiri, wa mano okhala ngati sowo, atagona chammbali. Atasesa pamwamba anaona nthiti, ndipo pansi pa nthitizo panali timafupa ta tiana ta mtundu womwewo.

Dokotala sanadikire. Anauza a wailesi kuti wapeza mayi amene anafa atafungatira ana ake. Manyuzipepala anamujambula atagwada pafumbi. Wojambula zithunzi anadzaza khoma lonse la holo yaikulu ndi chinyama cha maso achifundo chitaphimba tiana take mvula ikugwa, ndipo akatswiri a kumayiko ena anaitanidwa kuti adzakhalepo potsegulira holoyo. Zonsezi zinachitika mwalawo usanatsegulidwe n'komwe.

Ofukula mafupa akapeza chinthu chotere samachizula ngati chinangwa. Amakumba mozungulira, amakuta chigumu chonse ndi ziguduli zoviika m'pulasitala mpaka chitakhala chikhakha ngati cha munthu wothyoka mwendo, kenako amachitembenuza. Chikafika kuchipinda chapansi amachitsegula chakumunsi, mbali imene dzuwa ndi mvula sizinaiwononge. Motero woyeretsa mafupa amayamba kuona mbali imene wofukula sanaione.

Choyamba chimene singano ya Nasingano inakumana nacho chinali nthiti. Anazitsata bwinobwino, imodzi, ziwiri, zisanu. Atapitirira nthitizo ndi pamene anafika pa timafupa ta tiana tija. Anaika singano pansi, mutu utaima. Nthiti za mbali ina anaziona Dokotala pamwamba, za mbali inayi waziona iye pansi, ndiye kuti tianato tinali pakati. Pakati pa nthiti ndi nthiti pamakhala mimba, zimenezo ngakhale wogulitsa nyama amazidziwa.

Kenako anapeza kafupa ka ntchafu ya kamodzi mwa tiana tija, kotalika ngati chala chake. Pakafupapo panali zipsera zinayi zogundizana, zonse zodzaza ndi mwala wofiira womwe uja unakuta nyama yonseyo. Anatenga dzino limodzi la chinyama chachikulucho n'kuyerekeza. Zinagwirizana ndendende.

Apa ndi pamene Nasingano anadzipweteka yekha, ndipo anadzipweteka ndi luso lake lomwe. Iye sankalola munthu kuona ntchito yake isanathe. Fupa lokhala ndi zotsalira za mwala ankaliona ngati mbale yotsuka mwaulesi. Choncho sanaitane wojambula, sanaitane mlongo wake. Anakhala masiku anayi atawerama pagalasi, akutola mwala m'zipsera zija mpaka zonse zinayi zitayera mbee. Atamaliza anasangalala kwambiri, ndipo anakwera masitepe kukaitana Dokotala.

"Iwe, tabwera udzaone mayi wako wachifundo uja," anatero akuseka.

Dokotala anawerama pagalasi nthawi yaitali. Nasingano ankaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu lake.

"Nthiti uku, nthiti uku, ana pakati," anatero Nasingano. "Sanawafungatire ayi. Anawadya."

"Amenewo ndi madzi, achemwali. Mtembo ukaola nthiti zimayasama, madzi osefukira amakankhiramo chilichonse."

"Nanga madzi ali ndi mano? Taona pantchafupo."

Dokotala anaonanso. Kenako anafunsa motsitsa mawu, osadzutsa mutu.

"Mwala umene unali m'zipseramu uli kuti?"

"Ndachotsa."

"Wonse?"

"Ukundidziwa iwe. Ine kusiya zinyalala pafupa?"

"Munajambulitsa musanachotse?"

Apo ndi pamene Nasingano anazindikira. Mwala uja ndiwo unali mboni yoti zipserazo n'zakale ngati nyamayo. Tsopano mboniyo inali fumbi, ndipo fumbilo anali atalisesa yekha ndi burashi n'kukalitaya. Dokotala anapuma mpweya wautali. Nasingano anaganiza kuti mlongo wakeyo wakhumudwa, anamumvera chisoni, anamugwira paphewa. Sanadziwe kuti munthuyo mtima wakhala pansi.

M'mawa mwake anaitanidwa ku ofesi ya mkulu wa nyumbayo. Mkuluyu anali munthu wa mafayilo ndi misonkhano, sankasiyanitsa nthiti ndi chogwirira cha ndowa. Kafupa ka ntchafu kaja kanali pathebulo lake, pakansalu koyera. Dokotala anakhala pampando wapambali, nkhope ili yachisoni ngati wabwera kudzapepesa maliro. Chitseko anachisiya chotsegula, ndipo alembi awiri pakhonde anasiya kutaipa.

"Bwana, zimene nditi ndinenezi zikundiwawa," anayamba Dokotala. "Awa ndi achemwali anga enieni, anandilera ndi iwowa. N'chifukwa chake ndakhala ndikubisa. Koma manja awo anayamba kalekale kunjenjemera. Singano inawapulumuka kanayi pafupa losowa ngati ili. Ndiye chifukwa cha manyazi akuti ndi mano."

Nasingano anayang'ana mlongo wake, koma iye ankayang'ana nsapato zake.

"A Dokotala," anatero Nasingano, "mukudziwa kuti singano sikanda choncho. Tengani dzino muyerekeze. Muone nthiti."

"Za nthiti ndafotokoza kale kwa bwana. Ndi madzi."

"Munali mwala m'zipseramo! Ndinauchotsa ndekha!"

"Alipo anauona?" anafunsa mkulu uja.

Panalibe. Mkuluyo anavula magalasi ake, n'kulankhula mokoma mtima, kukoma mtima kuja kumapweteka kuposa kutukwana.

"Mayi, tisavutane. Tatambasulani manja tione."

Nasingano anatambasula. Usiku sanagone bwino, m'mimba munalibe kanthu, ndipo mkwiyo unali utamufika m'khosi. Manja aja, amene zaka zonsezi ankakhala phee pansi pa galasi, anayamba kuchita njenjenje pamaso pa anthu onsewo. Anayesa kuwalimbitsa, ndiye anachita kunyanyira. Mlembi mmodzi pakhonde anati "mayo ine" chapansipansi. Mkulu uja anagwedeza mutu n'kuvalanso magalasi.

Sanamuchotse ntchito, poti iwo anali anthu achifundo. Anati kuyambira sabata yamawa azikakhala pakhomo la holo yaikulu, azilandira zikwama ndi maambulera a alendo. Pofika masana nkhani inali itafika mpaka kwa alonda a pageti, kuti Nasingano wakhala akuwononga mafupa mwakabisira, mwina zaka zambiri.

Madzulo ake, akulongedza masingano m'kabokosi, anamva munthu akutsika masitepe. Anali Dokotala, atanyamula kafupa kaja ndi kachitini ka phala lomatira ming'alu. Anatseka chitseko chachitsulo chija mochita kukankha ndi phewa.

"Achemwali, pali kantchito kamodzi katsala."

Nasingano anapitiriza kulongedza masingano ake.

"Akatswiri aja akubwera Lachisanu la sabata yamawa. Amenewo si bwana uja. Akangoika diso pagalasi adziwa kuti ndi mano. Zipserazi zitsekedwe, zisaoneke ngakhale pang'ono. Ndayeserera ndekha pafupa lina, koma zikuchita kuonekeratu. Palibe wina angathe koma inu."

"Manja anga paja akunjenjemera."

"Aa, tisachite zachibwana, achemwali. Tonse awiri tikudziwa kuti manja anu alibe vuto."

Ananena zimenezi mosavutika, ngati akunena za nyengo. Nasingano anamuyang'anitsitsa munthu wa tayi ameneyu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anadana naye.

"Ndiye ndikazisiya, akatswiri akowo anena kuti ine ndimanena zoona."

"Anena," Dokotala anavomera. "Ndipo ine ndatha. Andiseka m'manyuzipepala onse aja, holo aitseka, palibe adzandikhulupirirenso. Ana anga aja mumawakonda aja adzayenda bwanji kusukulu? Inu mwakula, achemwali, za mbiri muzitani nazo? Ine ndikadali ndi ulendo." Anaika kachitini kaja pathebulo. "Ngati mukufuna mlongo wanu athe, zisiyeni. Zili kwa inu."

Anatuluka osadikira yankho, chifukwa yankholo ankalidziwa kale. Apo ndi pamene panagona nkhanza zake: ankamudziwa bwino munthu amene anamulera.

Nasingano analira. Atatha kulira anasamba m'manja n'kuyatsa nyale. Anapera tizidutswa ta fupa losafunika mpaka titakhala ufa, anasakaniza ndi phala lija kuti mtundu ufanane, n'kuyamba kudzaza chipsera choyamba ndi nsonga ya singano. Pamwamba pake anajambulapo timizere tating'onoting'ono tomwe fupa limakhala nato mwachibadwa, kamodzikamodzi, kutsata mmene tinayendera mbali zonse. Zinamutengera masiku asanu. Dzanja silinagwedezeke ngakhale kamodzi, ndipo pa ntchito zonse zimene anagwirapo m'chipinda chimenecho, iyi ndiyo inaposa.

Lachisanu lija anali pakhomo la holo, atavala yunifolomu yaikulu mapewa, akulandira zikwama n'kupereka timanambala. Ali pomwepo ankatha kuona bokosi lagalasi pamene panagona chinyama chija. Nthiti zapansi zinali zitabisika m'chikhakha, zoonekera zinali zapamwamba zokha ndi tiana pansi pake.

Mwa akatswiriwo munali mayi wina wa imvi, amene anamupatsa Nasingano chikwama chake cholemera osamuyang'ana kumaso. Mayiyu anapempha kuti amutsegulire bokosi. Anatulutsa kagalasi kake m'thumba, anatenga kafupa ka ntchafu kaja, n'kukatembenuza pang'onopang'ono pansi pa nyale. Mumtima Nasingano ankati, onani mayi, chonde onani, chili pomwepo chala chanu chagwirapo. Ankafunitsitsa kuti ntchito yakeyo ikhale ndi kolakwika ngakhale kamodzi.

Mayi uja anawongoka n'kubwezera kafupako pamalo pake.

"Koyera bwino," anatero mokweza. "Palibe ngakhale kokandika. Wayeretsa mafupawa ndani? Ndikufuna ndimugwire chanza."

Dokotala anamwetulira. Sanatembenukire kukhomo.

"Zambiri ndinachita kumalizitsa ndekha," anatero. "Tinali ndi munthu wina, koma anayamba kutiwonongera zinthu, ndiye tinamupatsa ntchito ina yopepuka."

Anthu anaseka mwaulemu n'kusunthira kukhoma la chithunzi. Patapita nthawi mayi wa imvi uja anabwera pakhomo, anapereka kanambala kake, ndipo Nasingano anamupatsa chikwama chake ndi manja awiri.