Bala la Tenneh

Tangoganizani: ndani anatsuka bala la Tenneh? Pano pamalo pathu posungira achimpanzi olandidwa kwa anthu pali dokotala wa zinyama, a Jalloh. Pali alamu anga a Sallay, akazi a mkulu wanga, amene anamulera Tenneh pamsana. Palinso ine, Santigie, woyang'anira gulu la achimpanzi akuluakulu. Tonsefe tili ndi manja, ndipo mchere ndi madzi ofunda sizisowa pano. Musafulumire kuloza chala.

Tenneh anafika ali kamwana ka chimpanzi koonda, mimba yokha ili yotupa. Anamupeza pamalo ena omwera mowa m'tauni ya Makeni, atamumangirira ndi unyolo kumwendo wa tebulo. Mayi ake anali atalowa kale mumphika wa munthu wina. Zidakwa za pamenepo zinamuphunzitsa kuima ndi miyendo iwiri, kupereka moni wa dzanja ndi kupempha botolo. Chipsera cha unyolowo chikadalipo m'chiuno mwake, ubweya sunamerenso, ndipo ndikachiona mtima umanditentha mpaka lero.

Anamuchiritsa ndi a Sallay. Ankamubereka ndi nsalu akamakolopa m'makola, ankamumwetsa mkaka ndi kumutafunira nthochi. Zimenezo palibe amakana, ngakhale ine. Koma Tenneh anakula, mphamvu zake zinayamba kuposa za munthu wamkulu, ndipo nthawi inakwana yoti akakhale ndi anzake mumpanda waukulu, momwe muli mitengo yeniyeni.

Wamkulu mumpandamo ndi Kolo, wamphongo wa khutu limodzi long'ambika. M'mawa tikatsegula makola, iye amatuluka ubweya utaimirira, amakoka nthambi, amamenya mgolo wakale umene tinawaikira, kenako amakhala pansi kudikira malonje. Aliyense amabwera chowerama, akubuula pansipansi, n'kumukhudza pang'ono. Zikatha zimenezo ndi pamene tsiku limayamba. Ena amakaswa mtedza pamwala, ana amagwetsana, aakazi amakhala pamthunzi kufunana nsabwe, ndipo Mabinti, wamkazi wokalamba kuposa onse, amayendayenda kuziziritsa amene akwiyitsana.

Tenneh malonjewo sankawadziwa. Ankapita kwa Kolo ataimirira ngati munthu, akumuyang'ana m'maso, dzanja lili patsogolo. Kwa Kolo chimenecho n'chipongwe.

Lamulo la ntchito yathu ndi lakuti achimpanzi akayamba kumenyana, chitseko cha khola sichitsegulidwa, pokhapokha wina ali pafupi kufa. Ndewu yawo amaimaliza okha. Ukamubisa mmodzi ndewu isanathe, mkwiyo umadikira pachitseko pomwepo, ndipo tsiku lomubwezera umakhala utakula. Lamulo limeneli a Sallay amalidziwa kuposa ine, chifukwa anayamba ntchito ine ndikadali pasukulu. Komabe ulendo woyamba umene tinamulowetsa mumpanda, Tenneh atangokuwa, anathamanga n'kukoka chitseko. Ulendo wachiwiri analumbira kuti aima patali, koma anakokanso. Tenneh analowa n'kukakamira zala zawo pawaya, Kolo n'kutsala panja akumenya khoma.

Zitatero a Jalloh anatiitana n'kutiuza kuti tiyesanso kamodzi kokha. Zikakanika, Tenneh akakhala yekha m'khola lakuseri kwa nyumba yosungira zakudya, moyandikana ndi Bobo. Bobo ndi chimpanzi amene anakanika kulowa m'gulu kalekale. Amakhala tsiku lonse akugwedezeka pamalo amodzi, akudzizula ubweya wa m'mikono. Chimpanzi amatha kukhala ndi moyo mpaka zaka makumi asanu, ndipo Tenneh anali asanakwanitse n'khumi zomwe.

Ine ndi banja la mkulu wanga timakhala pabwalo limodzi. Madzulo a tsiku limenelo a Sallay anandigawira mpunga ndi chigwada, nsomba yonse n'kuikira amuna awo. Ndinawauza mosabisa kuti m'mawa mwake asayandikire kumpanda. Anandifunsa ngati ndinaberekapo chilichonse pamsana kupatula chikwama cha mabuku. Ndinawayankha kuti amene akudziwa kumanga nsalu ayenera kudziwanso kuimasula. Mkulu wanga ananyamula mbale yake n'kukadyera pakhonde.

"Alamu, amene akumutumiza Tenneh kwa Bobo si Kolo ayi," ndinatero. "Ndi inuyo."

"Iwe Santigie, ndinakusambitsa ndine ukudwala chikuku, mamina ali mbwee. Lero ukufuna kundiphunzitsa kulera?"

M'mawa ndinachotsa loko wa pachitseko cha chipinda changa n'kupita naye kuntchito. Tenneh atangotuluka m'khola kulowa mumpanda, ndinatseka chitseko, ndinakhoma chogwirira chake, kiyi n'kuika m'thumba. A Sallay anabwerabe, atasenza ndowa ya mapapaya, akuti ntchito yogawa zipatso ndi yawo ndipo palibe angawaletse. Anaona loko uja, anatula ndowa pansi.

"Wakhoma chitseko kapena wakhoma ine?"

"Nonse," ndinawayankha.

Poyamba zinkaoneka ngati ziyenda bwino. Ana awiri anamuzungulira Tenneh n'kumukoka mwendo. Mabinti anabwera kudzamununkhiza kumutu. Kenako Kolo anamenya mgolo wake, anakhala pansi, ndipo enawo anayamba kupita mmodzimmodzi. Tenneh anatsala yekha. Ndinkanong'ona ngati angandimve, ndikumuuza kuti awerame. Iye anaimirira, anayenda bwinobwino ngati mmene ankayendera pakati pa matebulo a zidakwa zija, n'kutambasula dzanja.

Kolo anamugwetsa kamodzi kokha. Anamukokera m'matope a pomwera madzi atamugwira mwendo, anamudumphira, n'kumuluma pamsana, pansi pa phewa. Gulu lonse linkakuwa, ena ali m'mitengo akugwedeza nthambi. Tenneh anapulumuka n'kuthamangira kuchitseko chimene ankadziwa kuti chimatseguka. Anachimenya ndi manja onse awiri. Atachipeza chokhoma, analowetsa zala pawaya, kuloza kwa a Sallay, mano onse ali pamtunda. Magazi ankatsikira m'chiuno, podutsa pachipsera cha unyolo chija.

A Sallay anandigwira malaya pakhosi n'kundiuza kuti nditulutse kiyi. Ananditcha mfiti, ananditcha galu wopanda chisoni, anatchula ngakhale mayi anga amene ndi apongozi awo. Nditakana, anatola mwala n'kuyamba kumenya loko. A Jalloh, amene ankayang'ana ndi magalasi oonera patali, ananena kuti balalo n'lakuya koma mkono ukugwira ntchito, ndipo Kolo wabwerera kumgolo wake, choncho tidikire. Mabinti anali atayandikira, atakhala kumbuyo kwa Tenneh, koma Tenneh sankamuona n'komwe. Maso ake anali pa munthu mmodzi.

"Chokani, alamu. Akamakuonani satembenuka."

"Nanga akafa?"

"Akafa mudzauze anthu onse kuti ndamupha ndine. Ndidzavomera."

A Sallay anamuyang'ana Tenneh nthawi yaitali. Kenako ananyamula ndowa ija n'kundiponyera m'miyendo, mapapaya n'kuphulikira pansapato zanga. Anatsika njira yopita kumsewu osacheuka, manja atagwira makutu.

Tenneh analira mpaka mawu anasasa. Ndinaima pamenepo kiyi akunditentha m'thumba, ndili wokwiya ndi aliyense. Ndinakwiyira mlenje amene anawombera mayi ake, mwini malo a mowa, munthu aliyense amene anaseka pomugwira dzanja, Kolo ndi mgolo wake, ndiponso alamu anga amene anandisiyira ntchito yokhala woipa. Dzuwa litapendeka, Tenneh anasiya waya uja n'kuyenda chotsimphina kulowa m'tchire la kumapeto kwa mpanda. Madzulo sanabwere kumakola. Achimpanzi ena angapo nawonso anagona kunja, monga amachitira kukakhala kopanda mvula.

Tisanaweruke, a Jalloh anandiuza kuti balalo ladzaza matope. Anati m'mawa mwake likakhala lakuda kapena lotupa, amulasa jakisoni wogonetsa n'kumutulutsa, ndipo pamenepo nkhani ya gulu idzakhala itatha. Ndinakangana nawo mpaka pagalimoto yawo. Ndinawafunsa ngati anayamba aimapo ola lathunthu pakhola la Bobo. Anandiyankha kuti iwo amachiritsa amoyo, osungulumwa ndi osasungulumwa omwe, koma akufa sawachiritsa.

Kunyumba mbale yanga inali yovundikira, mkati mulibe kanthu. M'mawa nditadzuka, mkulu wanga anandiuza, osandiyang'ana, kuti akazi ake anyamuka kukadali mbandakucha.

Tinamupeza Tenneh ali panthambi yotsika pafupi ndi mpanda, atatifulatira. A Jalloh anayang'ana ndi magalasi awo, anawapukuta, n'kuyang'ananso. Kenako anandipatsa ine. Bala linali loyera. Matope onse anali atachoka, ubweya wozungulira unali wopatulidwa bwinobwino, ndipo mnofu unali wofiira, wosatupa. Malo amenewo Tenneh sangawafikire ndi pakamwa pake, ndipo zala zake zokha sizikanatha kuchita ntchito yotere. A Jalloh anandifunsa ngati ndinachita ndine. Ndinati ayi. Iwo anati nawonso sanachite.

Nthawi yomweyo ndinaganiza za a Sallay. Kumunsi kwa mpanda, pafupi ndi kamtsinje, pali chigawo cha waya wopanda magetsi, pamene chimpanzi angatsamire msana munthu n'kumufikira. Ndinaona zonse m'maganizo mwanga: alamu anga akubwera m'mamawa ndi botolo la madzi a mchere, akuitana ndi kamluzu kamene ankamuitanira ali wamng'ono, Tenneh akuthamangira. Ngati zinali choncho, ndiye kuti kulira konse kwa dzulo lake kunapita pachabe. Tenneh akanaphunzira chinthu chimodzi chokha, chakuti ukapirira usiku umodzi, munthu amabwerabe.

Ndinawapeza kunyumba ya makanda, akumwetsa kachimpanzi kena kamene kanabwera mwezi watha. Sindinawapatse moni. Pamaso pa anzathu onse ndinawauza kuti aba mwayi womaliza wa Tenneh, ndipo kuti akamadzamuona akudzizula ubweya asadzalire pamaso panga. Anandisiya kuti ndimalize. Kenako ananena kuti analawira chifukwa kamwanako kakutsegula m'mimba, ndipo kuyambira pamene anafika sanatuluke m'nyumbamo. Amayi ena awiri ogwira ntchito mmenemo anavomereza.

"Ndinamusiya mwana akundilirira chifukwa cha pakamwa pako," anatero, mawu ali pansi. "Sindinagone. Ndiye lero ukubwera kudzanditcha wakuba?"

Sindinapepese. Ndinawafunsa kuti ngati si iwo, ndiye ndani. Anapereka kamwana kaja kwa mnzawo, anamanga nsalu yawo, n'kunena kuti tipite tikaone, popeza maso anga amangoona zimene ndaganiza kale. Ndinawauza kuti akakabisala kuseri kwa mtengo ndipo asakatsokomole n'komwe. Anandiyankha kuti ndikawauzanso chochita andiponyera ndowa ina, ndipo ulendo uno ikhala ya zonyansa za m'makola.

Tinayenda m'mbali mwa mpanda, a Jalloh ali pambuyo ndi mfuti yawo ya jakisoni. Panthambi paja Tenneh panalibe. Mabinti tinamupeza pamwala, akuswa mtedza, osalabadira chilichonse. Tinapitirira mpaka pamtengo waukulu wa kumapeto, ndipo a Sallay ndi amene anayamba kuima.

Tenneh anali atagona chafufumimba pamizu ya mtengowo, mkono umodzi uli lende, maso ali otsinzina pang'ono. Chimpanzi wina anali atamuweramira, atatifulatira. Ankapatula ubweya ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono, kenako n'kuika milomo pabalapo, n'kudzutsa mutu, n'kuyang'anitsitsa, n'kuikanso. Tenneh akagwedezeka, iye ankamukhazika dzanja pakhosi mpaka atakhala bata. Nthawi ina Tenneh anabuula pansipansi, kubuula kuja kumene tinakudikira miyezi yonseyi.

A Sallay anatseka pakamwa ndi nsonga ya nsalu yawo. Sanaimbe mluzu. A Jalloh anachotsa jakisoni mumfuti n'kumubwezera m'chikwama. Ine ndinkafuna kunena kanthu, koma alamu anga anandinong'oneza kuti ndikachotse loko wanga wonyansayo pachitseko cha anthu, ndipo kuti nsomba ndiziiwale mpaka mvula idzagwe. Mpaka pano akundigawirabe chigwada chokha, ndipo ine sindinapepesebe.

Wosamalira balayo atamva kunong'onako anatembenuka, ndipo tinaona khutu lake long'ambika. Anatsuka bala la Tenneh ndi Kolo, yemwe uja anamuluma.