Mng'alu wa Pampira wa Kabuleta

Maso a bambo ena ake anali kuchita khungu pang'onopang'ono, ndipo anadziwa kuti akazi awo ayenera kuphunzira kuyendetsa njinga yawo yamoto yakale, apo ayi katundu wa m'kasitolo kawo asowa wokamtenga. Koma njingayo inali ndi khalidwe loipa: ikaima, injini inkalira mokweza ngati wina akuikokera mafuta. Tsiku loyamba kuphunzira, inadumpha n'kuwagwetsera mayiwo m'ngalande.

"Chilombo chanuchi sindidzachikweranso," anatero mayiwo.

Mlamu wawo, katswiri wa pakamwa pokha, anati, "Alamu, ingopotozani kasikuluwu ka pa kabuletako, chikhala chete."

Bambowo anakana, pakuti kutseka pakamwa chinthu chodwala sankakuyesa kuchiza. Anamasula kabuleta, kachipangizo kosakaniza mafuta ndi mpweya, naitsuka, naibwezera, koma phokoso linali lomwelo. Waya wa mafuta sunali kukakamira paliponse. Pamenepo anagwada pansi injini ikulira, natchera khutu, mpaka anamva kamluzu pampira wolumikiza kabuleta ndi injini.

"Amayi, tabwerani mundibwereke maso. Pali chiyani pamene ndaloza chalapa?"

Mayiwo anawerama monyinyirika. "Pang'ambika. Kamng'alu kake ngati tsitsi."

"Mpomwe ikubera mpweya, n'chifukwa chake ikulira chonchi. Gwirani sipanala, ine ndizikuuzani pomasula."

Mlamu anatumidwa kukagula mpira watsopano, ndipo mayiwo anaumanga ndi manja awo. Injini inayamba kugunda mofatsa. Anaimvetsera kwa kanthawi, napukuta manja, nakhala pampando wa kutsogolo.

"Kwerani kumbuyoko, bambo. Koma mukangondikalipira, mutsika."