Kunenerera Koleji Ngati Mbuzi

Makoleji awiri anamuyankha Jucélia sabata imodzi. Ya ku mzinda waukulu wa Salvador inati imuchotsera pafupifupi fizi yonse ya maphunziro a unamwino. Ya kwawo konkuno ku Feira de Santana, kumene mtima wake unali, inangochotsako theka, ndipo theka lotsalalo linali phiri kwa banja lodalira malonda a mbuzi.

Ku Salvador iye sankakufuna. Bambo ake, a Valdomiro, anali ndi matenda a shuga, maso atayamba kale kuchita chifunga, ndipo chimwalirireni mayi ake, jakisoni wa m'mawa uliwonse ankawabaya ndi iyeyo. Eni akewo nkhani ya matenda sankafuna n'kuimva komwe. Ukaiyamba, ankayatsa wailesi.

"Ndikuperekeza," anatero a Valdomiro atamva kuti mwana akupita kukadandaula ku ofesi yoona za thandizo la ophunzira pakoleji ya kwawoko. "Iwe kunenerera sukudziwa. Pogula tomato umathokoza usanamve mtengo."

"Ababa, kumeneko si kumsika wa mbuzi."

"Paliponse pamene pali mtengo ndi pamsika, mwanawe."

A Valdomiro anakalambira pamsika wa ziweto, ndipo chiphunzitso chawo chinali chachifupi. Mbuzi ukaikonda, uinyoze. Mwini wake akakakamira, tembenuka uzipita, akuitana yekha usanafike pachipata. Kunena zoona, nzeru imeneyi ndi imene inamulera Jucélia mpaka kumaliza sekondale, ndiye kuitsutsa kunali kovuta.

Anavala chipewa chawo chachikopa, nsapato atazipukuta mpaka kuwala. Mu ofesimo anapeza Dona Neide, mayi wa magalasi okhuthala, amene anawalandira bwino n'kuwapatsa mipando. A Valdomiro sanachedwe kuyamba ntchito.

"Mayi, sukulu yanuyi ndaiona. Penti ikusupuka. Fani iyi ikulira ngati ili ndi chifuwa. Aphunzitsi ndakumana nawo pakhondepo, owonda okhaokha, kaya mumawadyetsa kaya. Ku Salvador akumulirira mwanayu, pafupifupi ulere. Inu mukuti bwanji?"

Manyazi anamugwira Jucélia mpaka kumangoyang'ana zala zake.

"Ngati ku Salvador akupatsani zabwino chotero, bambo, musazitaye," anatero Dona Neide, osakwiya n'komwe. "Muyende bwino."

"Tiye, Jucélia."

Anatuluka. Pakhonde a Valdomiro anayamba kuyenda pang'onopang'ono ngati operekeza maliro, khutu lili m'mbuyo. "Usacheuke," ananong'ona. "Akubwera." Anatsika masitepe. Bambowo anawerama kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Anafika pachipata, mlonda n'kuwatsegulira mwaulemu, koma kumbuyo kunali zii.

Anaima padzuwa, pafupi ndi ngolo ya munthu wogulitsa madzi a nzimbe. A Valdomiro anapisa m'thumba kuti agule kapu imodzi, Jucélia n'kuwagwira dzanja.

"Mayi ameneyu ndi wouma mtima," anatero bambowo, koma mawu anali atachepa. "Kumsika akanabwerera nazo mbuzi zake."

"Ofuna malo angawo ndi ambirimbiri, ababa. Atithamangire chifukwa chiyani?"

Jucélia anawaona akufinya maso kuti awerenge dzina la basi imene inaima pamphuno pawo penipeni, ndipo mkwiyo wake unasanduka chisoni. Munthuyu anabwera kudzamumenyera nkhondo ndi chida chokhacho chimene ankachidziwa.

"Mundidikire pamthunzi apo," anatero Jucélia, n'kubwerera yekha ku ofesi kuja.

Dona Neide anakweza maso atamuona. 

"Mayi, pepani ndi zija. Pentiyo ilibe vuto."

"Koma za faniyo sananame," anaseka mayiwo. "Khala pansi, mwana wanga."

Jucélia anatulutsa makalata onse awiri n'kuwayala patebulo. "Sindinabwere kudzakuopsezani. Ine ndikufuna kuphunzira pompano. Koma onani kusiyana kwake. Mukandisiya pa theka, ndipita ku Salvador mtima usakufuna, ndipo bambo ajawa atsala okha. Ali ndi shuga. Timizere ta pa jakisoni sathanso kutiona. Ndimawabaya ndine."

Dona Neide anawerenga kalata ya ku Salvador mpaka pansi, n'kubwerezanso.

"Nanga bwanji simunayambe ndi zimenezi? Kalata ngati iyi ndi imene ndimalowa nayo ku komiti. Akaona kuti anzathu akufuna kutilanda mwana wakhoza chonchi, amatsegula dzanja. Koma munthu amene wanena yekha kuti sakutifuna, ndikamulankhulira bwanji?"

Anajambula kalatayo pamakina, n'kunena kuti komiti ikumana Lachisanu, ndipo padzafunikanso kalata ya dokotala yotsimikiza za matendawo.

"Kufanana ndi Salvador ndendende sindikulonjeza. Koma kuno sudzalipira nyumba. Tikayandikirako, mukwanitsa?"

"Tikwanitsa, mayi."

Potuluka anapeza a Valdomiro atatsamira khoma pafupi ndi chitseko, chipewa chili m'manja. Pamthunzi paja sanakhalepo. Anali atamva zonse.

"Ine ndimayesa ukuopa mzinda waukulu," anatero.

"Ayi, ababa."

A Valdomiro anazunguza chipewa chija m'manja. Kenako anagogoda pachitseko chotsegula kale n'kusuzumira mkati.

"Mayi, kalata ya dokotalayo ndibwera nayo ndekha mawa. Matendawo ndi anga."