Kabati ya apongozi inasowa m'kompyuta

Dzina loti a Injiniya anandipatsa ndi mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga, tsiku limene ndinadzutsa pulinta ya kwawo. Zoona zake n'zakuti chingwe chinali chitazuka kumbuyo, ine n'kungochibwezera. Anthu anaomba m'manja, ine osawauza. Ntchito yanga ndi yolandira ndi kutulutsa katundu kumalo osungirako katundu a kampani ina, ndipo kompyuta ndimaidziwa pokhapo pamene pali fomu yanga. Koma dzinalo linandikomera, moti ndinayamba kuyankhula ngati munthu wodziwa.

Apongozi anga aamuna anagwira ukalipentala zaka makumi anayi. Manja atayamba kunjenjemera anapachika macheka, n'kumangokhala pakhonde kuyang'ana anthu odutsa. Mkazi wanga anawapatsa kompyuta yathu yakale, momwe munali pulogalamu yojambulira. Poyamba anaikana. Kenako anazindikira kuti akadina apa ndi apo, mzere umatuluka wowongoka ngakhale dzanja likunjenjemera. Basi anakodwa. Mausi ankaigwira ndi manja awiri, lina kugwiriziza linzake, magalasi ali pansonga ya mphuno.

Mlamu atapeza banja, apongozi anati mphatso yawo ikhala kabati. Iwo ajambula, ndipo mnzawo amene ankagwira naye ntchito kale akhoma. Anaijambula milungu isanu ndi umodzi: zitseko zinayi, madilowa asanu ndi limodzi, malo alionse olumikizira matabwa, muyezo uliwonse utalembedwa pambali pake.

Loweruka lina masana ine ndi mkazi wanga tinapita kukawaona. Tinapeza pabalaza padzaza, azakhali awiri a mkazi wanga akukambirana ndi mlamu za ukwati. Apongozi anatuluka m'chipinda chawo nkhope ili yakugwa.

"Akamwini, mwafika bwino. Chinthu chija chikukana kusunga. Ndikati ndiseve, chikungotulutsa kabokosi."

"Musadandaule bambo, a Injiniya afika," anatero mlamu. "Kompyuta ikangomva fungo lawo imachira yokha."

Tonse tinakalowa m'kachipindako. Munali bedi, tebulo limene anakhoma okha, ndi bokosi la zida zawo pansi pa zenera. Pasikilini panali kabati, yokongola ngati ungaitsegule, ndipo pakati pake panali kabokosi ka uthenga. Ndinawerenga mawu awiri okha, akuti malo adzaza, n'kukatseka msanga. Anthu asanu anali kumbuyo kwanga, ndipo ndinaona ngati katswiri sayenera kuwerenga pang'onopang'ono.

"Kankhani kakang'ono aka," ndinatero. "Mwadzaza zinyalala."

Pulogalamu yojambulira ndinaitseka kuti isanditchinge. Inafunsa funso, ine n'kudina batani limene linali pafupi ndi dzanja langa. Kenako ndinayamba kufufuta. Mafoda ena anali ndi mayina osamveka, zilembo zobwerezabwereza, monga lina lolembedwa kuti kkabbtii. Ndinati izi ndi zija zimadzipanga zokha. Ndinazisankha zonse, kuzitaya m'bini ya m'kompyutamo, n'kukhuthula bini. Ndinamva apongozi akukoka mpweya kumbuyo kwanga ngati akufuna kunena kanthu, koma sananene.

Nditazimitsa kompyutayo n'kuiyatsanso, ndinadzuka pampando. "Yesani tsopano, bambo."

Anakhala pansi, kugwira mausi ndi manja awiri, kutsegula pulogalamu. Tsamba linali loyera. Anapita pa mndandanda wa zimene anatsegula posachedwa, n'kudina dzina la pamwamba. Kompyuta inati fayiloyo sikupezeka. Ndinawerama kuti ndione, ndipo dzinalo ndinaliona bwinobwino: kkabbtii. Dzanja lonjenjemera likamalemba, chilembo chimodzi chimatuluka kawiri, china n'kudumphidwa.

  Mkazi wanga anandiyang'ana. Ndikanatha kunena pomwepo, koma pakamwa panga panatuluka zina.

"Bambo, musanatiitane simunadine penapake? Makompyutawa ukangodina molakwika, zinthu zimapita."

Apongozi anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi malaya nthawi yaitali.

"Mwina ndi momwemo," anatero. "Manjawa sali anga masiku ano. Pepani, ndakutayitsani nthawi."

Munthu wamkulu anandipepesa pamaso pa ana ake ndi alongo ake. Ine ndinayankha kuti palibe kanthu, zimachitika.

Mlungu wotsatira sindinadye bwino. Mkazi wanga akabwera kowaona bambo ake ankandiuza kuti kompyuta aiphimba ndi nsalu ya patebulo, ndipo abwereranso pakhonde. Anayesa kujambula kabatiyo papepala, koma mizere inkatuluka ngati njira ya nyerere, mpaka anang'amba pepalalo. Mnzawo wokhoma uja atabwera kudzatenga chojambula, anamuuza kuti ukalamba wawapusitsa. Mkazi wanga ankandifotokozera zonsezi akupinda zovala, osandiyang'ana. Sindikudziwa ngati ankadziwa. Sindinamufunse.

Loweruka linalo mlamu anabwera ndi atelala, mayi amene ankasoka diresi lake la ukwati. Mayiwo amajambula masitayilo a zovala pakompyuta asanadule nsalu, ndiye atamva nkhaniyi anati aione. Ine ndinapezekapo chifukwa mkazi wanga anandikoka.

"A Injiniya alephera, ndabweretsa akuluakulu awo," anatero mlamu akuseka. Ine ndinasekanso, mano okha.

Atelala anakhala pampando, tepi yoyezera ili m'khosi. Sanakhudze kanthu.

"Bambo, uthenga uja unkati chiyani? Mawu ake enieni."

Apongozi anatsegula dilowa, n'kutulutsa kakope. Anali atakopera uthenga wonse ndi pensulo ya ukalipentala, chilembo chimodzichimodzi, tsiku lomwe lija tisanafike. Ine sindinawafunse n'komwe.

"Mwachita bwino kwambiri," anatero atelala. "Uthenga ukabwera, choyamba ndi kuuwerenga mpaka kumapeto. Mukapanda kuumva, ulembeni chonchi kapena muujambule ndi foni. Uwu ukuti malo atha, sungani pena. Ikanangolowetsedwa fulashi, chojambula chija chikanasungidwa momwemo chili chotsegula."

Anafufuza pang'ono, n'kutembenukira kwa mlamu. "Chadzaza muno si cha bambo ayi. Ndi mavidiyo a maukwati a eni ake awa. Alipo makumi angati?"

Mlamu anagwira pakamwa. "Ndimaonera masitayilo."

"Asamutsireni pa fulashi yanu. Zojambula za mizere sizidya malo."

Kenako atelala anatsegula mndandanda uja, kuona dzinalo, kulifufuza m'kompyuta yonse, kutsegula bini. Munalibe kanthu. 

"Foda yonse palibe, ndipo bini ndi yokhuthula. Kudina kamodzi molakwika sikuchita zimenezi. Pamafunika kusankha, kufufuta, kupita ku bini, n'kuvomera ikakufunsa." Anayang'ana manja a apongozi, kenako anayang'ana ine.  Makutu anga anatentha ngati ndawaika pa ayironi.

Anatiuza kuti mapulogalamu ambiri ojambulira amadzisungira okha kope lapadera pamalo ena, kuchitira kuti magetsi angazime. Anafufuza mphindi khumi, ife tili njo kumbuyo kwawo. Kenako kabati inatulukira pasikilini. Mlamu anakuwa. Koma inali kabati ya milungu itatu yapitayo, malo asanayambe kuchepa: thupi lokha ndi zitseko ziwiri. Madilowa panalibe, miyezo yambiri panalibe.

"Apa ndiye pamene ndingathe," anatero atelala. Anaisunga pawiri, m'kompyuta ndi pa fulashi, n'kuonetsa apongozi mabatani awiri osevera. "Mukajambula pang'ono, dinani awa. Pomaliza tsiku, kope lina pa fulashi. Ndipo chimene simukuchidziwa musafufute, ngakhale dzina lake lioneke lopusa bwanji."

Mawu omalizawa ananena akuyang'ana pasikilini, koma ndinadziwa mwini wake.

Azimayi atatuluka kukayesa diresi, ndinatsala ndi apongozi. Iwo anali pampando, ine chiimire pafupi ndi chitseko ngati mwana wa sukulu. Ndinakhala pansi pa bokosi la zida kuti ndisawatalikire.

"Bambo, ndine ndinafufuta. Simunadine molakwika paliponse. Ndinaona dzina lija n'kuyesa zinyalala. Nditazindikira ndinachita mantha ndi anthu, ndiye ndinakukankhirani inu."

Sanatembenuke msanga.

"Ndinaona," anatero. "Ndinali kumbuyo kwanu. Dzina lija ndinalemba ndine, ndingaliiwale?"

"Nanga bwanji simunandiletse?"

"Ndinati mwina odziwa amatero, amachotsa kenako n'kubwezera. Mutandifunsa funso lija m'pamene ndinadziwa kuti sichibwerera." Anaika magalasi patebulo. "Ndikanatani? Ndikuchititseni manyazi pamaso pa mkazi wanu ndi azakhali ake? Ine ndakalamba, anthu akati ndalakwitsa sadabwa. Koma mkati mwa mlunguwu ndinayamba kukayika. Ndinkati kapena ndinadinadi ine. Chimenecho ndiye chinandipweteka, akamwini, kuposa kabatiyo."

Ndinayang'ana pansi. Panali utuchi wakale m'ming'alu ya simenti pafupi ndi bokosilo, ndipo ndinauyang'anitsitsa ngati muli yankho. Ndinapepesa, koma mawu anga anamveka aang'ono.

"Ukwati watsala masiku khumi ndi awiri," anatero. "Ndi manja angawa sindimaliza. Inu muli ndi manja abwino. Mutu ndi wanga. Mawa mubwere."

Ndisanapite ndinakaima pakhomo la pabalaza n'kunena zomwezo kwa onse. Mlamu anatsegula pakamwa kuti aseke, koma ataona nkhope ya mkulu wake anatseka. Mkazi wanga anangoti, "Mwachedwa nazo," n'kupitiriza kugwirizira atelala mapini.

Ndinapempha masiku atatu kuntchito, ndipo masiku enawo ndinkapita ndikaweruka. Ndinkakhala pa mausi, apongozi pambali panga ndi kakope kawo. Miyezo yonse inali m'mutu mwawo. Ine ndinalibe chimene ndinkadziwa. Sindinkadziwa kukopera dilowa limodzi kuti likhale asanu ndi limodzi, anandionetsa ndi iwo. Sindinkadziwa kuti ukalakwitsa pali batani lobwerera m'mbuyo, anandionetsanso ndi iwo. Tsiku lina mzere unakana kujambulika, ine n'kuyamba kudinadina paliponse.

"Chotsani dzanja," anatero. "Werengani pansipo. Chikuti chiyani?"

Chinkati gawo limene ndinkajambulapo ndi lokhoma. Panali kachizindikiro ka loko pambali. Ndinadina kamodzi, mzere n'kutuluka.

Ankandikalipira ngati wophunzira ntchito. "Dilowa limenelo lilowa bwanji? Mwasiya mpata wa chala chonse, mukufuna mulowe makoswe?" Ine ndinkangoti, "Pepani bambo," n'kukonza. Kukalipako kunkandipepukitsa mtima kuposa ulemu umene ankandipatsa kale.

Tinamaliza kutatsala masiku anayi. Mnzawo wokhoma uja anabwera, kuyala mapepala patebulo, kuwayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti masiku anayi sangathe, pokhapokha akhome chinthu chochititsa manyazi. Apongozi anati asathamange.

Choncho pa tsiku la ukwati, nthawi ya mphatso itakwana, ena ananyamula mapoto, ena mabulangete. Apongozi anadzuka ndi envelopu yaikulu, n'kupereka kwa mwana wawo mapepala asanu. Woyendetsa mwambo anawakweza m'mwamba n'kunena kuti aka n'koyamba kuona kabati yolowa mu envelopu, anthu n'kufa nacho chiseko. Apongozi anaseka nawo, chipewa chili m'manja. Ine ndinali pa mzere wachiwiri, ndipo sindinathe kudzutsa mutu.

Kabati inafika kunyumba kwa mlamu patapita milungu itatu. Tinainyamula anthu anayi kukwera nayo masitepe, ndipo pokhota inatsala pang'ono kutiphwanya zala. Apongozi anabwera m'mbuyo mwathu pang'onopang'ono. Titaiimika, anakoka madilowa onse limodzilimodzi, kutchera khutu kuti amve mmene akuyendera. Dilowa lachisanu linagwira pang'ono. Anatuma mlamu kukatenga kandulo, n'kundiuza kuti ndigwade ndiipake m'mbali mwa dilowalo kuti liziterera.