Matimati Ofiira Sakwera Lole

Mwana wawo wamkazi, namwino wa m'tauni, ananena mosapita m'mbali: "Bambo, chaka chino matimati akawoleranso pamsewu, ndikubwera kudzakutengani." A Chipewa, amene dzinali linawamatirira chifukwa chipewa sankachivula ngakhale posukusula, anangoti amva, koma mtima unawawa. Dimba lawo ankalikonda, pomwe mwanayo ankakhala m'nyumba yosanja, yopanda ndi pobzala tsabola pomwe.

N'chifukwa chake analowa nawo mumsika wa alimi, shedi yaitali yamalata kumene aliyense amabweretsa zokolola zake, lole n'kudzanyamula zonse pamodzi. Tsiku loyamba anafika nkhungu isanachoke, akukankha njinga ya mabokosi atatu. Anali atathyola ofiira okhaokha, monga anazolowera zaka zonse za pamsewu, pomwe wogula amafuna oti akaphike lero lomwelo.

Ali pamzere, maganizo anawathawa. Ankaona matimati awo akuwoloka milatho imene iwo sanaiwolokepo, akudutsa m'matauni a magetsi ambirimbiri, akulowa m'makhitchini a anthu osawadziwa. Fungo la anyezi, kulira kwa sikelo, kuseka kwa amayi, zonse zinkamvekera kutali ngati munthu ali m'madzi. Anamwetulira okha, nkhalamba yonseyo.

"Bambo, awa sakwera lole." Anali mayi wosankha katundu, atadina limodzi mwa matimatiwo ndi chala. "Ulendo ndi wa masiku awiri. Akakafika ali madzi okhaokha. Timatenga ongoyamba kumene kupsa."

"Ndiye abwinowa ndi amene ali oipa?"

"Kuno ndi choncho, bambo. Pepani."

Manyazi anawagwira. Munthu woti wamera imvi akulima matimati, lero aphunzitsidwe kuthyola pamaso pa gulu. Anayamba kumangiriranso mabokosi panjinga, akuganiza za masitepe a kwa mwana wawo ndi mmene azidzakhalira pawindo tsiku lonse, manja ali lende.

"Achimwene, mukupita nawo kuti?" Uyu anali mayi wachigamba pa juzi, amene tsikulo inali nthawi yake yokhala patebulo lakutsogolo, pogulitsira anthu a pafupi. "Ogula a pano matimati angawa akungowadutsa, ati ndi aawisi. Bwanji tisinthane, bokosi kwa bokosi?"

A Chipewa asanayankhe, bambo wina wa kabichi amene anali ndi matimati ochepa anakankha lake ndi phazi, kenako mtsikana wobereka mwana anabweretsa lachitatu. Panalibe amene anachita nazo mwambo. Wosankha uja anangolemba nambala ya a Chipewa ndi choko pamabokosi atatuwo, n'kuitana wotsatira.

Lole inanyamuka dzuwa litakwera, ndipo pofika masana ofiira aja anali atatha patebulo. A Chipewa anakhalabe pabenchi, akuyang'ana fumbi likutsika pang'onopang'ono pamsewu. Foni inalira m'thumba.

"Bambo, zayenda bwanji?"

"Apita onse. Amene akwera lole si anga, koma apita."

Mwanayo sanamvetse. "Ndiye ndisabwere?"

"Ubwere, mwanawe," anatero a Chipewa. "Koma utenge nsapato zakutha. Kuli mbande zofunika kuwokera."