Mwana Amene Sanalembedwe

Mwala wa pamanda unafika nyengo yachisanu ikutha, ndipo Verlie Caudill anautsamiritsa kukhoma la pakhonde, pafupi ndi mulu wa nkhuni. Panazokotedwa dzina lokha: Dewey. Zaka sanalembetsepo, chifukwa sankazidziwa.

Manda a banja lawo anali paphiri, kuseri kwa nyumba ya mchimwene wake wamkulu, Arlis, ndipo kiyi wa pageti ankasunga Arlis yemweyo. Kumapeto kwa mzere umene munagona makolo awo kunali mwala wamba wa kumtsinje, wosalembedwa kanthu. Verlie anakula, nakalamba mpaka kuyendera ndodo, akudziwa kuti pamenepo pagona Dewey, mlongo wake wamng'ono, mwana amene sankalankhula ndiponso ankagwa khunyu. Chimene ankafuna asanamwalire chinali kuikapo dzina basi.

"Dewey wake uti?" anatero Arlis atapemphedwa kiyiyo, akukonza kapaipi ka mpweya pamphuno. Mapapo ake anathera mu mgodi wa malasha. "Tinabadwa awiri, ine ndi iwe, ndipo iweyo unangobwera kudzandisokosera."

"Achimwene, mwana ndinkamudyetsa ndi dzanja langali."

"Unkadyetsanso nkhuku. Nazonso uzigulira miyala? Ubwere ndi pepala la boma, geti nditsekula."

Pepala panalibe. Dewey anabadwira m'nyumba, ndipo Baibulo limene mayi awo ankalembamo mayina linapsa pamodzi ndi nyumbayo kalekale. Ana ake a Verlie anali atayamba kuyang'anana akamva dzinalo, ngati anthu amene akuona kuti mutu wa mayi wawo wayamba kubalalika.

Koma mayina a m'kalembera boma limawatsekera zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri, ndipo mwezi wa Epulo umenewo linatsekula a 1950. Verlie anapempha woyandikana naye nyumba kuti amusiye ku laibulale ya m'tauni. Woyang'anira kumeneko, mayi Darlene Ison, anamukhazika pa kompyuta n'kumukulitsira zilembo.

"Olemba kalembera ankayenda khomo ndi khomo," anatero mayi Ison. "Mungotsatira mmene anayendera, mufika kwanu."

Choncho Verlie anakwera mtsinje wa kwawo m'maganizo, ali pampando pomwepo. Anayambira pamlatho, kwa a Combs amene ankaweta njuchi. Anadutsa kwa mayi wamasiye uja wa agalu olusa, kenako kwa abusa ndi ana awo aakazi okhaokha. Onsewo anapita, ndipo pamene panali nyumba zawo kampani ya mgodi inathirapo miyala. Chala chake chinkatsika pang'onopang'ono pagalasi la kompyuta, mpaka chinaima. Bambo. Mayi. Arlis. Verlie. Mzere wotsatira unali kale wa banja lina.

Tsiku la kalemberalo linamubwerera lonse. Bambo wina wa chipewa akukwera njira, chibuku chili m'khwapa. Mayi akusiya zochapa, manja akudontha. Masiku amenewo m'chigwamo munkamveka kuti boma likuwerenga anthu n'cholinga chodzatenga ana onga Dewey. Mayi anatsitsira Verlie ndi Dewey m'chipinda cha pansi chosungiramo mbatata, n'kumupatsa Verlie buledi wa chimanga wopaka uchi kuti azimunyemera mwanayo asafuule. Anamubisa bwino kwambiri, moti mpaka lero anali wobisikabe.

"Taimani kaye, mayi," anatero mayi Ison, Verlie atayamba kufufuza ndodo yake. "Dzina la mayi anu linagwera pamzere wa mafunso owonjezera. Tiyeni tione m'munsimu."

M'munsi mwa tsambalo munali funso lakuti mayiyo anaberekapo ana angati. Wolemba uja anaikapo 3.

Madzulo ake Verlie anayala pepalalo patebulo la Arlis, pambali pa mbale ya nyemba zimene zinali zitazizira.

"Werengani nokha, popeza ine ndine wa nkhuku."

Arlis anavala magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali, makina a mpweya akungolira pakona.

"Mayi bodza linkawavuta," anatero pomaliza. "Kubisa mwana anakwanitsa. Kumukana ndiye ayi."

Anapisa m'thumba n'kuponya kiyi patebulo.

"Nayu. Koma usavutike n'kukwera phiri, mlongo wanga. Pansi pa mwala uja palibe munthu."

"Mukuti chiyani, achimwene?"

"Chaka chomwecho cha kalembera, masamba akuyoyoka, iwe anakutumiza kwa azakhali. Bambo anati atopa. Anapita naye Dewey ku chipatala cha boma chosungirako otere. Kachikwama kake ndinanyamula ndine mpaka pokwerera basi. Atabwerako anatola mwala kumtsinje n'kukauika paphiripo, kuti anthu asiye kufunsa. Anatilumbiritsa ine ndi mayi kuti dzinalo lisadzamvekenso pakhomo pano."

"Ndiye anafera kumeneko, ali mwana?"

Arlis anavula magalasi aja n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya.

"A kuchipatalako anandiimbira foni chaka chimene unaika mwamuna wako m'manda. Anati wamwalira ali ndi imvi."

Verlie anagwira m'mphepete mwa tebulo. Zaka zonsezo iye ankakwera phiri ndi maluwa mwezi wa Meyi uliwonse, n'kumazulira udzu mwala wa kumtsinje, pamene Dewey anali moyo, akudyetsedwa ndi manja a alendo, mtunda wongoyenda m'mawa umodzi pa galimoto.

"Anamuika kuti?"

"Konko, kuseri kwa chipatala. Kumeneko saika mayina. Amaika manambala."

"Nambala yake ndi chiyani?"

"Sindinafunse."

Verlie anapinda pepala lija mosamala n'kuliika m'thumba la juzi. Kiyi anamusiya pomwepo, pambali pa nyembazo.

Pofika kunyumba mvula inali itayamba kuwaza, mphepo ikuilowetsa mpaka pakhonde. Anatenga thumba lakale la chakudya cha nkhuku n'kufunditsa mwala uja, n'kupsinja m'mbali mwake ndi nkhuni kuti lisauluke.